Usanamange ma transmitter a pa heater

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, mvula yayamba kudula. Amayi ako andiuza kuti akupatsa ntchito yomanga ma transmitter oyeza kutentha pa ma heater a madzi a nzimbe fakitale isanayambe kugaya. Pa foni mayunitsi sangakwane, n'chifukwa chake ndalemba.

Za permit ndi kutseka ma valve ukuzidziwa kale. Loko akhale wako, kiyi m'thumba mwako, ndipo usamasule thermowell, kachubu kachitsulo kolowa m'paipi momwe mumakhala sensor yoyeza kutentha, chifukwa choti wina wati paipi ilibe kanthu. Tsegula drain uone ndi maso ako.

Amene ndikufuna uzimuganizira ndi munthu wa ku control room. Iyeyo paipi saiona, amangoona nambala imene iwe wamutumizira. Madzi a nzimbe amayenera kufika madigiri cha m'ma 103 mpaka 105 kuti akalowa mu thanki yotchedwa flash tank abwate, mpweya utuluke, matope akakhazikike bwino mu clarifier, thanki yolekanitsa madziwo ndi matope. Transmitter yako ikanama n'kuwonjezera madigiri atatu, iye achepetsa nthunzi, madziwo osabwata, ndipo anthu adzakangana za laimu amene amathira m'madziwo sabata yathunthu vuto lili pa waya. Bola transmitter yakufa. Loop ya 4-20 mA, magetsi otumiza nambala ija ku control room, ikagwa pa ziro aliyense amadziwa kuti pena paduka, koma yonama pang'ono palibe amaikayikira.

Nanga madigiri atatuwo amachokera kuti? Sensor ya mtundu wa Pt100 imapereka resistance ya ma ohm 100 pa madigiri 0 ndi 138.5 pa madigiri 100, ndiye kuti digiri imodzi ndi ma ohm 0.385 basi. Ukalumikiza mawaya awiri okha, transmitter imawerenga resistance ya wayayo ngati kutentha, ndipo ohm imodzi yokha ikupatsa madigiri oposa awiri ndi theka abodza. Gwiritsa mawaya atatu kapena anayi, ofanana kunenepa ndi kutalika, kuchokera pa sensor penipeni. Ena akasowa waya woyenera amadumphitsa kawaya pa terminal kuti transmitter isadandaule. Imasiyadi kudandaula, koma bodza lija limatsala. Ku sitolo akakuuza kuti kulibe, dikira, ngakhale foromani akwiye. Ukamakonza transmitter, uiuze chiwerengero cha mawaya amene walumikizadi, komanso range, malire a madigiri amene ikuyeza, igwirizane ndi ya ku control room.

Thermowell ifike chapakati pa paipi pomwe madzi akuthamanga, ndipo nsonga ya sensor igunde pansi pake. Ukamamanga uyenera kumva sipuling'i ikukankha dzanja. Ukapanda kuimva, sensor ndi yaifupi, ikuyeza mpweya wa m'katimo, ndipo idzawerenga mochedwa komanso motsika. Ukamaliza ubwezere lagging, chokutira paipi kuti isataye kutentha, amaiwalika kwambiri ameneyo.

Panopa mapaipi ndi ozizira, koma ganizira Okutobala wa kuchigwako nthunzi ili m'paipi. Ma transmitter ambiri salola kupitirira madigiri 85 pomwe akhala, choncho ngati mutu wa transmitter ukuyandikira chitsulo chotentha, ika extension kapena uisunthire pa bulaketi. Gland, polowera waya mu transmitter, iyang'ane pansi, waya atsike kaye asanakwere kulowa, kuti madzi a mvula ndi otsukira azidontha panja. Shield, chitsulo chokutira mawaya m'kati mwa kebulo, uilumikize ku earth mbali imodzi yokha, ndipo waya wako asagone m'thireyi imodzi ndi wa mamota.

Usasaine pepala usanachite loop check. Tumiza 4, 12 ndi 20 mA mnzako ali pa sikirini akukuwerengera. Kenako chotsa waya mmodzi wa sensor uone ngati alamu ikulira, ndiponso ngati valve ya nthunzi ikupita kumene mainjiniya anafuna. Nambala zonsezo ulembe m'buku lako, osangodalira fomu ya kampani.

Undiuze ngati m'malo ena akupatsa thermocouple, sensor ya mtundu wina, chifukwa waya wake ndi nkhani ina. Amayi ako akuti ukamabwera pa Pasaka usaiwale shuga.

Ndine,
Bambo ako