Tiuzeni mayina a ofuna kulowa mu khonsolo ya chigawo cha Harare

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale anga olankhula Chichewa okhala ku Mbare, Mufakose, Epworth ndi Chitungwiza pa nkhani ya chisankho chikubwerachi. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anakhazikitsa makhonsolo a zigawo, ndipo analamula kuti ndalama zosachepera magawo 5 pa 100 alionse a ndalama zimene boma latolera zizipita ku zigawo ndi kumakhonsolo a m'madera.

Chimene ambiri sazindikira n'chakuti khonsolo ya chigawo ilibe pepala lakelake loponyera voti. Munthu amapatsidwa mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, ndipo mipando khumi ya mu khonsoloyo imagawidwa kwa zipani molingana ndi mavoti amene aphungu awo apeza. Choncho amene wasankha phungu wasankhanso anthu ena amene mwina sanawamvepo n'komwe. Izi sizikundisangalatsa, chifukwa vuto la madzi akumwa a mu Harare ochokera ku nyanja ya Lake Chivero, lomwe limachititsa amayi kulawirira ku mjigo ndi zigubu usiku, ndi la chigawo chonse.

Ndikupempha nyuzipepala yanu kuti isindikize mayina amene zipani zidzapereke, makamakanso m'Chichewa, popeza ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno. Obadwira kuno kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, amene ziphaso zawo zikadali zolembedwa kuti ndi alendo, apite msanga akazisinthe kuti akathe kulembetsa m'kaundula wa ovota wa bungwe loyendetsa zisankho la ZEC.

Ine wowerenga wanu,
Mufakose, Harare