Kwa amene watopa ndi moyo, ndi kwa ife tonse omuzungulira

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu. Ndikulemberani za nkhani imene timangoinong'ona: maganizo ofuna kudzipha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, likuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo ena mwa iwo amakhala anthu opemphera ngati ife tomwe.

Ndiyambe ndi inu amene usiku tulo simukutiona, mukuti bola kungofa. Maganizo amenewa sakutanthauza kuti Mulungu wakutayani. Pa 1 Mafumu 19, mneneri Eliya anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu napempha kuti afe. Mulungu sanamukalipire. Anamulola agone, mngelo namudzutsa kawiri kuti adye ndi kumwa. Zoyankhulana zinabwera pambuyo, thupi litayamba lapeza mphamvu.

Chonde uzani munthu lero lomwe, mosazungulira: "Ndikuganiza zodzipha." Mankhwala ndi chilichonse chimene mungadzivulaze nacho, perekani kwa wina akusungireni kutali. Maganizo amenewa amakula n'kuchepanso, ndipo nthawi yoopsa kwambiri imadutsa munthu akakhala kuti sali yekha. Mowa usiyeni kaye, umangowonjezera mdima. Kenako pitani kuchipatala. Kukhumudwa kosatha ndi matenda, monga alili matenda a shuga, ndipo chithandizo chake chilipo: uphungu, nthawi zina ndi mankhwala omwe. Kuonana ndi dokotala si kuchepa chikhulupiriro ayi. Ine ndikupemphererani, ndipo ngati mukuopa kupita nokha, ndikuperekezani.

Tsono kwa enafe. Tcherani khutu m'bale akamati "ndine mtolo chabe kwa inu," kapena "mudzandisamalire ana." Wina amayamba kugawa katundu wake, kutsanzika anthu popanda ulendo, kapena kudzitsekera m'chipinda masiku angapo. Wina amene anali wosweka mtima amangooneka wadekha mwadzidzidzi, ife n'kumati wachira. Mufunseni maso ndi maso: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimuika maganizowo m'mutu, ambiri amapepukidwa poona kuti wina wazindikira.

Akayankha kuti inde, musamulalikire. Mawu oti "limbani mtima, ndinu mwamuna" kapena "ndi ziwanda zimenezo" amatseka pakamwa pa munthu, ndipo zimandiwawa kuti nthawi zina amachokera kwa ife a mumpingo. Mvetserani, ngakhale kulira kwake kukuthetseni mawu. Musalonjeze kusunga chinsinsi pamene moyo uli pachiswe, ndipo musamusiye yekha mpaka afike m'manja mwa achipatala. Woyang'anira ndende wa ku Filipi atasolola lupanga kuti adziphe poganiza kuti akaidi athawa, pa Machitidwe 16, Paulo anafuula kuti asadzipweteke chifukwa onse anali momwemo. Mpingo uzimveka choncho.

Mabanja amene anataya wokondedwa mwa njira imeneyi, tiwayendere, tileke kuwaloza zala. Iwonso ali pa ululu waukulu, ndipo amafunika kuwayang'anira.

Ine ndi akulu a mpingo tilipo. Imbani foni kapena gogodani, kaya ndi pakati pa usiku. Ngati munthu wamwa kale chinthu kapena wadzivulaza, thamangirani naye kuchipatala choyamba, ife mutiuze muli m'njira.

Wanu mwa Khristu,
M'busa wanu