Ana ochokera m'mabanja a uchidakwa asaiwalidwe pogawa thandizo la fizi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa momwe mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino amasankhira ophunzira oti awalipirire sukulu, chifukwa ndaona kuti ana amene makolo awo anamwerekera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo amasiyidwa kawirikawiri, ngakhale kuti mavuto awo saposedwa ndi a ena amene amathandizidwa.

Fomu yopemphera thandizoli nthawi zambiri imafunsa ngati makolo ali moyo komanso ngati ali pa ntchito. Mwana amene bambo ake amalandira malipiro mwezi ndi mwezi amachotsedwa pa mndandanda pomwepo, pamene malipirowo amatha asanafike n'komwe pakhomo.

Ndikunena zimene ndinaona ndekha pa nthawi imene ndinali mphunzitsi. M'kalasi mwanga munali mtsikana wina amene ankawodzera pa phunziro loyamba la m'mawa, ndipo ndinamudzudzula kangapo pamaso pa anzake ndisanadziwe kuti usiku uliwonse ankakhala maso kudikira bambo ake, kuti akangomva mawu awo panjira atulutse azing'ono ake n'kukabisala nawo kuseri kwa nyumba mpaka phokoso litatha. Makope ake ankawasungitsa kwa mnzake poopa kuti angang'ambidwe. Pa fomu analemba zoona zokhazokha, kuti makolo ake onse ali moyo ndipo bambo ali pa ntchito, choncho komiti, imene inenso ndinalimo, inamudumpha. Teremu yotsatira sanabwerenso.

Mabanja otere ndi ochuluka kuposa momwe timaganizira. Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la mu 2024 linasonyeza kuti anthu pafupifupi 400 miliyoni a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi vuto la kumwa mowa mwauchidakwa. Kafukufuku amene mabungwe a za umoyo a CDC ndi Kaiser Permanente anachita ku America kuyambira mu 1995 mpaka 1997 pa anthu oposa 17,000 anapeza kuti oposa mmodzi mwa anayi alionse anakulira m'nyumba yokhala ndi chidakwa kapena wogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndipo anasonyeza kuti zowawa zimene munthu wakumana nazo ali mwana zimamutsatira pa umoyo wake ngakhale atakula.

Pempho langa kwa ogawa thandizo ndi lakuti asamangodalira zolembedwa pa fomu, koma azimvanso umboni wa aphunzitsi kapena alangizi amene amamudziwa mwanayo, ndipo umboniwo uzisungidwa mwachinsinsi, popeza palibe mwana amene angaime pa gulu n'kuulula kuti mayi ake kapena bambo ake ndi chidakwa. Pa chifukwa chomwechi, chizolowezi chojambula olandira thandizo n'kufalitsa nkhani za kwawo chimathamangitsa ana amene akulifunitsitsa. Ndalamazo zizipita kusukulu mwachindunji, kuphatikizapo za mayeso ndi za malo ogona, chifukwa zikadzera m'manja mwa kholo lodwala matenda a uchidakwa zidzapita komwe malipiro anapita, pamene malo ogonera kusukulu amam'patsa mwanayo mpata wogona tulo ndi kuwerenga mwabata.

Ena adzanena kuti kutero n'kulekerera makolo osasamala, amene adzaona kuti apepukidwa ndipo adzamwa moposa kale. Ndikuwamvetsa, koma kholo limene mowa unaligwira silisiya kumwa chifukwa chakuti mwana wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi, ndipo amene amalangika ndi mwana amene sanalawepo ngakhale dontho. Ngati malikisi a wophunzira wotere atsika kwa teremu imodzi, a komiti ayambe amuyitana n'kumufunsa momwe kunyumba kulili asanamuchotse pa thandizo.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito