Chilengezo: Chilolezo chotumiza khodi ku repository yathu

Moni mamembala nonse,

Kuyambira sabata ino tiyamba kupereka chilolezo chopanga push (kutumiza khodi) ku repository yathu, malo amene timasungirako khodi pa webusayiti ya GitHub. Kuwerenga ndi kukopera khodi aliyense amatha kale, ndiye ngati ntchito yanu ndi yomweyo, simufunika kupempha kanthu.

Amene mukuchifuna, tumizani dzina la akaunti yanu ya GitHub kwa oyang'anira gulu. Yatsani kaye 2FA (chitetezo chofuna umboni wachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi mukamalowa) pa akauntiyo, apo ayi pempho lanu silidutsa. Uthenga wokuitanani ukafika, uvomerezeni msanga chifukwa umatha ntchito pakadutsa masiku 7.

Pomwe ambiri amasokonezeka ndi pa makiyi a SSH, amene GitHub imakuzindikirirani nawo mukamapanga push. Mukalemba ssh-keygen -t ed25519 mu terminal (polembera malamulo a kompyuta), mu foda ya .ssh mumabwera mafayilo awiri. Yothera ndi .pub ndiyo mumakaika pa GitHub. Inayo isatuluke mu kompyuta yanu, ngakhale wokupemphaniyo atanena kuti ndi woyang'anira. Ife sitidzaipempha n'komwe. Za pasiwedi musavutike nazo, GitHub inasiya kuilandira pa push mu Ogasiti 2021.

Branch (nthambi ya khodi) yaikulu, yotchedwa main, ndi yotseka kwa tonse, ndi oyang'anira omwe. Gwirani ntchito pa branch yanu, kenako mutsegule pull request (pempho loti ntchito yanu ilowe mu main) kuti mnzanu mmodzi aione isanalowe. Chonde mapasiwedi ndi makiyi asapezeke mu commit (zosintha zimene mwasunga mu khodi). Kufufuta fayilo yomwe muli zimenezi mawa lake sikuthandiza, imakhalabe mu mbiri ya Git (pulogalamu yosunga zosintha za khodi), ndipo kiyi yoteroyo tiyenera kuisintha tsiku lomwelo.

Amene akhale miyezi 6 osatumiza kanthu tidzawachotsera chilolezo. Akadzabweranso, adzangopempha kachiwiri.

Zikomo,
Oyang'anira gulu