Za msonkho wako ndi ngalande yathu

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako ndaiwerenga. Ndiye ukuti mzinda wanu ku America uko ukufuna kukweza msonkho wa pogula zinthu kuti apeze ndalama zokonzera misewu ndi kulipira ozimitsa moto, akuitanani kuti mukavote, koma iwe ukuti ukhala pakhomo? Iwe yemwe uja unkalimbana ndi kondakitala chifukwa cha chenji kuchokera ku Matero mpaka pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower muno mu Lusaka? Batala wakufewetsa. Pepala la unzika unalivutikira zaka zonse zija kuti uziliika m'sutikesi?

Pita ukavote, ndakupempha. Kuno ku Zambia VAT, msonkho wathu wa pogula zinthu, ndi 16 peresenti, ili kale mumtengo, sitiiona ndi maso. Inu akuti amakuwonjezerani pa thilo, mtima umachita kugunda, koma mumadziwa zimene mwapereka. Yathu imapita ku ZRA, bungwe lotolera misonkho la boma lalikulu, ndipo palibe tsiku limene ine ndinaitanidwa kukanena ngati ndikufuna ikwere kapena itsike. Ukukumbukira 2019, pamene ankafuna kuchotsa VAT n'kuika msonkho wina wotchedwa sales tax? Tsiku loyambira ankangolisuntha, amashopu osadziwa kuti alembe mtengo uti, mpaka a Bwalya Ng'andu, nduna ya zachuma nthawi imeneyo, anadzanena kuti VAT ikhale. Ife tinangomva pa wailesi.

A Tembo ndawauza nkhani yako, akuti msonkho wotere umapweteka wosauka, chifukwa sopo ndi mmodzi, wolemera ndi wosauka amalipira chimodzimodzi. Akunena zoona. Komabe ine ndikanavomera, bola papepalapo alembe kumene ndalama zikupita.

Ndikanavomera chifukwa cha ngalande ya kuseri kwathu. Yadzaza, mnzanga. Mapulasitiki, mabotolo, matewera a ana, zonse zili momwemo, madzi akuda ali phee. Anyamata a zinyalala aja timawalipira mwezi ndi mwezi koma sakuoneka, ndiye anthu akumataya usiku. Mitambo yayamba kusonkhana ndipo ine tulo sindikupeza. Mvula ikangogwa madzi adzalowa m'chimbudzi cha amake Chikondi, kuchoka pamenepo ndi pachitsime chawo, ndipo ana athu amasewera pabwalo limodzi. Iwe kunalibe mu January 2024. Odwala kolera ankawagoneka ku Heroes Stadium, pabwalo la mpira, masukulu sanatsegule mpaka pa 12 February, ndipo m'dziko muno anamwalira anthu oposa 700. Kufikira lero ndikamva mwana akuti m'mimba, miyendo imandizizira. Dzulo ndinakolowola ndekha ndi reki mpaka msana kuwawa, lero m'mawa ndapeza wina wathiramo makoko a chimanga. Klorini ndagula kale. Amuna anga akuti ndikuchulutsa, ngalande yokha ndiyo nkhani pa nsima, koma iwo samaiona masana.

Mlamu wako wabereka mapasa, onse ali bwino. Makala akwera, ndipo nsapato unatumiza zija n'zazing'ono, unaiwala kuti mwanayu akukula.

Undiuze mmene voti iyendere, ndipo ufunse ngati zinyalala zili m'gulu la zimene msonkhowo udzalipire. Ine Loweruka ndikufuna kusonkhanitsa azimayi a mzere wathu tipite kwa akhansala, kaya za CDF zija, ndalama za chitukuko cha dera la phungu, zingafike pa ngalande, koma amake Chikondi akuti poyamba tione... malaiti apita, foni yatsala pang'ono kuzima. Ndidzapitiriza.

Ndine mnzako wa ku Matero