Kwa mwana wanga amene akukakhala m'kalavani

South Bend, Indiana

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi apongozi anga. Kuno tilipo, amayi ako miyendo ndi yomwe ija koma akuyenda ndithu. Za makhadi a umembala wa malo oimikapo makalavani unandifunsa pafoni zija ndati ndichite kulemba, kuti muwerenge nonse awiri mutakhala pansi.

Zoti mwasiya nyumba ya lendi n'kugula kalavani ine sindikutsutsa. Ndakalambira mufakitale ku Elkhart, kumene amapanga makalavani (ma RV) ambiri a m'dziko muno, ndipo ndaona anthu anzeru zawo akukhala moyo umenewu popanda vuto. Amayi ako ndiwo sakumvetsabe kuti munthu wophunzira unesi angamagone bwanji m'galimoto. Asiye, adzakhazikika mtima akadzaona khitchini yake. Langa ndi limodzi: usalipire umembala wa ndalama zambiri usanadziwe kumene ntchito ikukutumiza. Malo ogwirira ntchito ndiwo asankhe khadi, osati khadi likusankhire kopita.

Makhadi amenewa anawakonzera makamaka anthu opuma pantchito, amene lero ali ku Tennessee, mkuja ku Georgia, palibe akuwadikira. Iwe suli m'gulu limenelo. Makontirakiti a manesi oyendayenda nthawi zambiri amakhala a milungu 13, ndiye kuti uzikhala malo amodzi miyezi itatu, ndipo malowo ayenera kukhala pafupi ndi chipatala. Munthu wokhalitsa chotere salipira mtengo wa usiku umodzi, amalipira wa pamwezi, umene umatsika kwambiri ukauwerengera patsiku. Tsono apa ndi pamene pagona nkhani: pafupifupi makhadi onse ochotsera mtengo amagwira pa mtengo wa usiku okha basi. Ukatchula za mwezi, mwini malo akuuza kuti wakuchotsera kale. Ndalama zako zenizeni zidzapulumuka pa foni, poimbira malo atatu kapena anayi ozungulira chipatalacho n'kufunsa mtengo wa pamwezi. Ufunsenso ngati magetsi ali momwemo, pakuti ambiri amawerenga mita padera, ndipo iwe wogwira usiku, wogona masana makina oziziritsira m'nyumba akulira, biluyo idzakudabwitsa ku Texas mwezi wa Julaye. Ufunse ngati ali ndi magetsi a 50 amp kapena a 30 okha, ngati paipi ya madzi oipa ili pamalo pomwepo, komanso ngati amatsegula nyengo yozizira, chifukwa malo ambiri a kumpoto kuno amatseka chisanu chikayamba.

Makhadi ang'onoang'ono ntchito yake ndi ya panjira, pochoka kontirakiti ina kupita ina. Pamenepo masamu ake ndi a ku pulayimale. Tinene kuti malo ndi madola 50 usiku umodzi. Good Sam amachotsa 10 peresenti, KOA Rewards chimodzimodzi koma pa malo a kampani ya KOA okha. Ndiye kuti wapulumutsa madola 5. Ngati khadilo walipira madola 40 pachaka, uyenera kugona kasanu n'katatu kuti ndalama yako ibwerere, usanayambe n'kupindula komwe. Passport America amachotsa theka, madola 25, ndipo kugona kawiri kokha khadi ladzilipira. Mwa atatuwa ine ndingayambire limeneli. Koma uziwerenga malamulo a malo aliwonse usananyamuke, pakuti mwini malo aliyense amaika ake: wina salola Lachisanu ndi Loweruka, wina usiku umodzi kapena uwiri basi, wina sakuchotsera pa tchuthi, ndipo a ku Florida ndi ku Arizona ambiri salilandira miyezi yozizira pamene anthu akumpoto athamukira kumeneko. Malo akenso si onse okongola. Koma wofuna kungogona n'kudzuka m'mamawa kukongola alibe nako ntchito. Good Sam udzaliganizire ngati mukugula zinthu pafupipafupi ku masitolo a zamakalavani a Camping World, poti ndi kampani imodzi. Ndipo makhadi awiri saphatikizana pa bilu imodzi, amakufunsa kuti usankhe.

Tsopano za Thousand Trails, zimene ndamva kuti apongozi zawagwira mtima. Ndikumvetsa chifukwa chake. Umalipira kamodzi pachaka, kenako n'kumagona osatulutsanso ndalama ya usiku. Kwa munthu woyenera, palibe khadi lopulumutsa ndalama kuposa limeneli. Koma tamvera malamulo a khadi lawo loyambira. Dziko analigawa zigawo zisanu, ndipo umalipira chigawo chimene wasankha. Pamalo amodzi umakhala masiku osapitirira 14, kenako uyenera kutuluka m'malo awo onse kwa masiku 7 usanalowenso. Taganiza wekha: watuluka kuntchito 7 koloko m'mawa, maso ali psuu, uyambe kuzula mapaipi, kumanga kalavani kugalimoto, kukasaka kogona sabata yonse, kenako kubwereranso. Milungu 13 ukuchita zimenezo? Ndipo sabata yakunjayo ulipira mtengo wodula uja.

Tsegulanso mapu awo. Malo awo aunjikana ku California, Oregon, Washington, Texas ndi m'mbali mwa nyanja chakum'mawa. Akakutumiza ku Nebraska, ku Kansas kapena ku Dakota, khadilo lingokhala m'chikwama. Ambirinso ali kutali ndi tawuni, zabwino kwa wopuma, koma osati kwa woyendetsa galimoto atagwira ntchito maola 12. Ngakhale kumene alipo, umembala sutanthauza kuti malo akusungira. Nyengo ya anthu ambiri umapeza adzaza. Zili ngati kuponi ya feteleza m'manja koma kudepoti kulibe thumba ndi limodzi lomwe.

Ukadandaula za masiku 14, adzakuuza za umembala wapamwamba wolola kukhalitsa ndi kuchoka malo awo ena kulowa ena osatuluka. Umenewo ndi wa madola masauzande, ndipo umakumanga zaka. Apa ndiye ndikupempha ngati bambo ako: usasaine tsiku lomwe akuuza. Ogulitsa umembala wotere, kampani iliyonse, ndi akatswiri pakamwa, ndipo mawu akuti mtengo uwu ndi wa lero lokha amawanena tsiku lililonse. Uwafunse zinthu zitatu, mayankho akhale olembedwa: ndalama ya pachaka imakwera bwanji, ukafuna kusiya umatuluka motani, nanga ungagulitse kwa munthu wina? Pali anthu amene anagulitsa kalavani kalekale koma bilu ya umembala ikuwatsatabe. Dziwanso kuti umembala wina umapezeka motchipa kwa amene atopa nawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha chaka udzakhala ukudziwa wekha ngati ukuufuna.

Harvest Hosts ndi yosangalatsa, sindikana. Umagona pa famu, pa munda wa mphesa kapena pa nyumba yosungira zakale, kawirikawiri usiku umodzi, ndipo kalavani iyenera kukhala ndi chimbudzi ndi madzi akeake. Amati ndi zaulere, koma mwaulemu umayenera kugulako kanthu kwa mwini malo, ndipo ndikukudziwa iwe ukaona uchi ndi tchizi. Uiwerengere ngati ndalama yokasangalala, osati yopulumutsa.

Escapees ndi nkhani ina. Bungwe limeneli linayamba mu 1978, ndipo ambiri amalidziwa chifukwa cholandirira anthu makalata ku Livingston, Texas. Okhala m'kalavani amakonda kulembetsa adiresi ku Texas, Florida kapena South Dakota poti kumeneko kulibe msonkho wa state pa malipiro. Iwe usathamangire. Laisensi yako ya unesi, ija yokulola kugwira ntchito m'ma state ambiri, imadalira state imene ukuti ndi kwanu. Komanso ndalama ya nyumba imene manesi oyenda amalandira yopanda msonkho imafuna kuti ukhale ndi kwanu kwenikweni kumene ukulipirako. Wopanda kwawo, boma limaidula msonkho. Izi ukhale pansi ndi munthu wodziwa misonkho ya manesi oyenda musanasinthe pepala lililonse, chifukwa kulakwitsa apa kungadye zonse zimene makhadi onsewa angakupulumutsire.

Pakati pa makontirakiti, mukakhala kumadzulo, malo a boma a BLM (nthambi yoyang'anira malo a boma) mungaimepo ulere mpaka masiku 14, opanda magetsi kapena madzi. Khadi la America the Beautiful la madola 80 ndi lolowera m'mapaki a boma, silichotsa mtengo wogona. Lochotsa theka pa malo ambiri ogona a boma ndi la achikulire oyambira zaka 62, ndipo mwini khadi ayenera kugona pomwepo. Ndiye mukafuna kukaona Yellowstone motchipa, mukudziwa woti mumutenge.

Kontirakiti yoyamba ikatuluka undiuze dzina la tawuni, ndikuthandize kuimba mafoni. Mudzerenso kuno musananyamuke kuti ndione matayala ndi denga. Makalavani ambiri amayamba kudontha m'mphepete mwa denga mwini asakudziwa. Amayi ako akuti ufa wakusungira.

Ndine bambo ako.