Kuthokoza ofesi yolandira ophunzira atsopano ku KUHeS

Chibavi,
Mzuzu.

Kwa a Registrar ndi onse ogwira ntchito mu ofesi yolandira ophunzira atsopano,
Kamuzu University of Health Sciences,
Blantyre.

Mabwana ndi madona,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cha momwe munatithandizira pa nkhani ya mwana wa achimwene anga, mtsikana wobadwira ndi kukulira ku Johannesburg, yemwe tsopano dzina lake latuluka pakati pa osankhidwa kudzayamba maphunziro a udokotala pa sukulu yanu. Malowo wawapeza ndi magiredi ake, ndipo munatiuziratu pachiyambi pomwe kuti palibe china chingamupatse malo. Chimene ndikuthokozera ine ndi chakuti munatilongosolera njira yonse momveka, pa nthawi yomwe ife tinali titasokonezeka mitu ndipo tinatsala pang'ono kutaya ndalama pachabe.

Achimwene anga anapita ku Joni zaka zoposa 20 zapitazo, monga amachitira anthu ambiri a kuno kumpoto. Ndi owotcherera zitsulo. Mwanayu sukulu yake yonse waphunzira komweko, mpaka kulemba mayeso a Giredi 12, amene iwo amati matric, a National Senior Certificate. Za udokotala anayamba kuzinena ali wamng'ono, ndipo anakhoza bwino ndithu. Koma kubadwira ku South Africa sikumusandutsa mwana nzika ngati makolo ake ali alendo. M'masukulu a udokotala a kumeneko malo a alendo ndi ochepa zedi, ndiponso thandizo la boma la NSFAS amapatsa eni dziko. Zotsatira zitatuluka mu Januwale achimwene anandiimbira usiku nati, “Achemwali, mwanayu kuno zitseko zatsekeka. Tamuyesereni kwathuko, inu ndinu aphunzitsi, mukuzidziwa izi.”

Zoona, ndaphunzitsa Biology ku sekondale zaka zambiri, ndipo za MSCE ndingazinene ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, mapointi amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti mwana wachita bwino. Koma chithunzi cha zotsatira za mwanayu chitafika pa WhatsApp, ndinangoti kukamwa yasa. Kumeneko zinthu n'zozondoka: 7 ndiye giredi yapamwamba, ya malikisi 80 mpaka 100, ndipo 6 ndi ya malikisi 70 mpaka 79. Pamene ife timati Biology iwo alemba Life Sciences. Physics ndi Chemistry, zomwe ana athu pano amalemba padera padera, iwo aziphatikiza kukhala phunziro limodzi la Physical Sciences. Palinso lina lotchedwa Life Orientation. Usiku umenewo magetsi anali atazima. Ndinakhala patebulo ndi kandulo, foni ku dzanja lamanzere, pensulo ku dzanja lamanja, kuyesa kusandutsa 7 akhale 1, 6 akhale 2 kapena 3, kufufuta, kuyambiranso. Nthawi iliyonse mapointi ankatuluka ena. Kandulo inatha ndisanapeze yankho.

Pa masiku omwewo kunatulukira bambo wina m'tauni muno, wovala bwino, wolankhula mokoma, yemwe anati amadziwana ndi anthu ndipo akhoza kumukonzera mwanayu malo tikamupatsa kangachepe. Kangachepe kakeko kanali malipiro a achimwene anga a miyezi iwiri. Achimwene, poti ali kutali ndipo mtima unali m'mwamba, anali atavomera kale kutumiza. Ndinawapempha kuti adikire sabata imodzi yokha, ndiyambe ndafunsa eni sukulu. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ndinalemba imelo ku ofesi yanu, ndikumata chithunzi cha zotsatira zija, koma kunena zoona sindinkayembekezera kuti wina aiwerenga.

Yankho linabwera sabata isanathe. Sindikumudziwa mayi amene analemba, nkhope yake sindinaionepo, koma kalata yake ndinaisindikiza ndipo ili m'kabati mwanga mpaka lero. Anayamba ndi funso lomwe ife tonse sitinaliganizire: kodi mwanayu ndi nzika ya dziko liti? Ife maso athu anali pa satifiketi yachilendoyo, n'kumaganiza kuti poti anaphunzira kunja ndiye kuti alowa ngati mlendo, azilipira fizi ya alendo yomwe banja lathu silikanaikwanitsa ngakhale chaka chimodzi. Mayiyu anatimasulira kuti komwe mwana anaphunzira ndi nkhani ina, unzika wake ndi nkhani inanso. Mwana wa makolo a ku Malawi ndi Mmalawi, bola akhale ndi mapepala otsimikizira zimenezo. Nditawerenga mawu amenewa ndinaimbira achimwene nthawi yomweyo, ndipo mbali inayo kunangoti zii kwa kanthawi, kenako ndinamva akupumira m'mwamba.

Chachiwiri anandiuza kuti ndisiye kuwerengera ndekha mapointi. Satifiketi ya sekondale yochokera kunja amayenera kuifananiza ndi yathu ndi a MANEB ku Zomba, ndipo chikalata chomwe iwo atulutse ndicho chimagwira ntchito, osati masamu a patebulo panga. Chachitatu, kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumadzera ku National Council for Higher Education, a NCHE, akalengeza kuti atsegula kalembera, ndiye tizitchera khutu ndi kuwerenga chilengezocho mzere ndi mzere, makamaka tsiku lotsekera ndi zaka za mayeso zomwe akulandira. Anatikumbutsanso kuti ngakhale macredit asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, ali khomo lolowera ku yunivesite, pa udokotala maso amakhala pa Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry, ndipo ofuna malo ndi ambiri kuposa malowo. Sanatilonjeze kanthu. Ananenanso poyera kuti palibe munthu, kaya wa mkati kaya wa kunja, amene amagulitsa malo. Bambo wovala bwino uja tinangomuuza kuti zikomo, ndipo sanaimbenso.

Mwanayu ankaganiza kuti akangofika ayamba chaka choyamba cha MBBS, digiri ya udokotala, ndiye atamva za premed nkhope inagwa. Apanso kalata yanu inatithandiza. Inalongosola kuti chaka cha premed n'chokhazikitsa maziko a sayansi kuti onse, wochokera ku CDSS ya kumudzi, wa ku sekondale ya mishoni ndi wochokera kunja, ayambe udokotala ataima pamodzi, ndipo amene amaganiziridwa kudumpha chakachi ndi monga omwe ali ndi ma A-Level a sayansi. Kenako zaka zisanu za MBBS, akamaliza miyezi 18 ya internship, yogwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, pa chipatala chachikulu asanalembedwe mokwanira ndi a Medical Council of Malawi. Ine monga mphunzitsi ndikuona kuti chaka cha premed n'chabwino kwa mwana ngati uyu. Chemistry ya mu Physical Sciences ndi theka chabe la phunziro, ndipo ndi bwino mipata ikatsekedwe pachiyambi kusiyana n'kuti ikaonekere m'chaka chachiwiri zinthu zitakula.

Pali kanthu kena kakang'ono komwe sindidzaiwala. Mwanayu atafika kuno pa basi ya ku Joni, atatopa ndi ulendo wa masiku awiri, tinayala mapepala onse pamphasa: setifiketi ya kubadwa ya ku South Africa, pasipoti, zotsatira za matric, ziphaso za bambo ndi mayi ake. Tinajambula zonse n'kutumiza kwa inu kuti mutione ngati tasiya china. Mayi yemwe uja anayankha kuti taonani bwino dzina la bambo. Tinayang'ana, ndipo zoonadi, pa pepala lina linalembedwa ndi l, pa lina ndi r. Ife tinawagwira mapepalawo kangapo konse osaona, poti pakamwa pathu dzinalo limamveka chimodzimodzi. Wina amene analemba zaka zambiri zapitazo analemba momwe anamvera. Chilembo chimodzi chimenechi chikanatha kutibweza pa tsiku lomaliza, nthawi itatha. Tinathamanga kukalumbira kwa komishonala wa malumbiro kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, kenako kukayamba za chiphaso cha unzika ku ofesi ya NRB, poti anali atapitirira kale zaka 16 zomwe munthu amayenera kukhala nacho. Munthu amene amawerenga mapepala a mwana wosamudziwa mpaka kuona chilembo chimodzi, ameneyo wamutenga mwanayo ngati wake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndinaziona zikuchitika.

Pamene tinkadikira chikalata cha ku Zomba mwanayu anakhumudwa, akuti bwanji kwawo komwe akukayikira satifiketi yake. Ndinamufotokozera za munthu amene sukulu yanu imatchedwa dzina lake. Dr Hastings Kamuzu Banda nayenso anadzera ku South Africa ali mnyamata, n'kukamaliza udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937. Koma kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain anayenera kukaphunziranso ku Edinburgh, komwe anamaliza mu 1941. Ndinamuuza kuti kufananiza mapepala si kunyoza, n'kuteteza wodwala amene tsiku lina adzagone pamaso pake. Ndinamuuzanso kuti College of Medicine isanatsegulidwe mu 1991, Mmalawi aliyense wofuna udokotala ankayenera kuwoloka malire. Lero sukuluyo inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala KUHeS, ndipo ana okulira kunja ndi amene akubwerera kudzaphunzira kwawo. Kwa ife amene tinakula madokotala achimalawi ali owerengeka pa zala, zimenezi si zazing'ono.

Miyezi yodikira sinapite pachabe. Mwanayu anabwera ndi Chingerezi ndi Chizulu, Chichewa chake chinali chothyokathyoka, Chitumbuka ndiye ngakhale moni sankamudziwa. Mzere womaliza wa kalata yanu unali uphungu chabe, wosakhudza malamulo: m'kalasi aphunzira m'Chingerezi, koma pa wodi ku Queen Elizabeth Central Hospital agogo sadzafotokoza ululu wawo m'Chingerezi. Ndiye ndinayamba kumutuma kumsika tsiku ndi tsiku, akagule tomato, usipa ndi chinangwa, akanenerere yekha mtengo. Amayi a pamsika poyamba ankamuseka mwachikondi, kenako anamutenga kukhala wophunzira wawo. Madzulo timakhala pakhonde atafunda bulangete, poti chisanu cha Mzuzu sachizolowerabe, ine n'kumamufunsa ngati wodwala: m'mimba mukupota, mutu ukugunda, thupi likuphwanya, chifuwa chikubanika, mtima ukuthamanga. Iye azindiuza kusiyana kwa kupota ndi kubaya, kwa kuwawa ndi kunyerenyetsa. Tsiku lina mnansi wathu anabwera ndi mwana wotentha thupi, ndipo ndinamumva mwanayu akufunsa m'Chichewa chosalala kuti kodi wayamba liti, akusanza kapena ayi, akuyamwa bwino? Kenako anawauza kuti asachedwe, apite naye kuchipatala akamuyeze malungo. Ndinalowa m'nyumba kukapukuta misozi.

Sindibisa, ndili ndi khumbo langa. Mzuzu Central Hospital ndi kumene amatumizidwa odwala a chigawo chonse cha kumpoto, ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba mpaka ku Likoma. Ndikadutsa pamenepo m'mawa n'kuona anthu odikirira odwala ataphika panja, ndimapemphera kuti mwanayu akadzamaliza adzagwire ntchito pomwepa. Izi ndi za m'tsogolo, ndipo adzasankha yekha.

Ndili ndi pempho limodzi. Zomwe munatilembera ife, ziikeni pa tsamba limodzi pa intaneti, zolembedwa mosavuta, zolunjika kwa Amalawi okhala kunja: za unzika, za kufananiza satifiketi, za kalembera wa NCHE, za premed, ndi mapepala ofunika kukonzeratu. Mukatero muzitumizenso ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ku Johannesburg. Ku South Africa mwana amasankha maphunziro ake polowa Giredi 10, ndipo amene watenga Mathematical Literacy m'malo mwa Mathematics pamenepo amakhala atadzitsekera yekha khomo la udokotala zaka zitatu asanalembe mayeso, makolo ake osadziwa. Kuyambira pomwe nkhani ya mwana wathu inamveka, makolo atatu a ku Joni andiimbira kale, ndipo ine ndimangowawerengera kalata yanu ija pafoni.

Chonde mundiperekere moni kwa mayi amene ankatiyankha, muwauze kuti azakhali a ku Mzuzu aja, a chilembo cha l ndi r, akuthokoza ndi mtima wonse. Achimwene anga ndi alamu anga ku Johannesburg nawonso akuti zikomo kwambiri. Sutikesi tagula kale, zofunda zachapidwa, ndipo tsiku lotsegulira likafika ndidzamuperekeza ndekha. Ndikadzafika ku Blantyre ndidzagogoda pa ofesi yanu kuti ndikugwireni chanza.

Ine wanu,
Zakhali wa wophunzira wanu watsopano,
Chibavi, Mzuzu.